Khutu la a Jailosi

Chaka changa choyamba pa ntchito

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinachokera ku Likangala nditangokhalako zaka zinayi, pamene alaliki anzanga ankakhala malo amodzi mpaka kumera imvi. Amayi anu amakuyankhani kuti tinathawa udzudzu. Udzudzu unaliko ndithu, woti ukagona wopanda neti umadzuka nkhope itasintha, koma sindiwo unatisamutsa. Lero ndikulemberani zoona zake, chifukwa amene ankaidziwa nkhaniyi akutha mmodzimmodzi.

Nditamaliza maphunziro a ulaliki, mpingo unanditumiza ku tchalitchi chaching'ono cha nthambi kufupi ndi sikimu ya mpunga, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa. Anandipatsa njinga yakale, Baibulo ndi buku la nyimbo, n'kundiuza kuti abusa azibwera kamodzi pa miyezi itatu kudzadyetsa mgonero. Zotsala zonse zinali zanga: maliro, kalasi ya ubatizo, kuyendera odwala, ndi kuyanjanitsa mabanja omenyana. M'dzinja msewu unkasanduka phala, ndipo nthawi zambiri njinga ndiyo inkakwera ine. Mabaibulo mu mpingo wonse analipo atatu okha. Lina linali langa, lina la mkulu wa mpingo, a Makwinja, ndipo lachitatu linali lopanda chikuto, loyambira pakati, chifukwa masamba akutsogolo anadyedwa ndi chiswe. Choncho anthu amene akanatha kutsegula malamulo a Mose n'kuwerenga tinalipo awiri basi.

A Makwinja ndiwo anapereka malo omangapo tchalitchi, ndipo nyumba imene tinkakhala inali pa malo a mbumba yawo. Malemba ankawadziwa kuposa ine amene ndinali ndi satifiketi. Iwe woyamba kubadwa utadwala malungo, ndiwo anakubereka kumsana mpaka kuchipatala, ine ndili ku maliro kutsidya la mtsinje. Ndalemba zimenezi dala, kuti mukamawerenga zotsatirazi musawaone ngati chilombo. Anali munthu wabwino amene ankakonda kupambana pa mkangano.

Mlamu wawo anali a Jailosi, mkamwini pamudzipo, amene anakwatira mlongo wawo, mayi Elube. A Jailosi sankadziwa kuwerenga. M'tchalitchi ankakhala kumbuyo, ndipo ndikawerengera mawu onse amene analankhula nane m'zaka zitatu zoyambirira, sangadzaze tsamba. Ankalima puloti ya akazi awo kusikimu, ndipo nthawi yokolola anthu ankawaitana kukasoka matumba a mpunga, chifukwa thumba losoka iwo silinkataya ngakhale njere imodzi. Anali ndi ana atatu, wamkulu Esinati, wa zaka khumi.

Chaka chachinayi, m'dzinja

Mayi Elube anamwalira mvula ili pakati, ndi matenda otsegula m'mimba amene anatenga anthu angapo chaka chimenecho. Tinawaika, anthu anameta, ndipo patangopita miyezi iwiri ndinamva kuti a Jailosi adzasudzulidwa. Inu mwakulira m'tauni, ndiye ndifotokoze. Kwathu kuno mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, ndipo ana ndi a kuchikazi. Mkazi akamwalira, abale ake amamasula mwamunayo kuti abwerere kwawo akayambe moyo wina. Mwambowu si woipa paokha, ndipo mabanja ambiri amamuuza bamboyo kuti akhale alere ana ake. Koma apa panali puloti ya mpunga, ndipo a Makwinja anali ndi mphwawo amene ankaifuna.

Tsiku lina ndikugula matemba kwa Che Amidu, Msilamu wogulitsa nsomba amene tinkacheza naye, ndinafunsa kuti kodi kwawo kwa a Jailosi n'kuti, kuti mwina ana azikawaona. Che Amidu anayang'ana uku ndi uku, n'kundikokera kuseri kwa thandala.

“A Mlaliki, funso limenelo musakafunsenso pagulu. Kwawo kulibe.”

“Munthu angakhale wopanda kwawo?”

“Agogo awo aakazi anabwera kuno ali kamtsikana, atamangidwa chingwe. Anawagula ndi mchere ndi nsalu. Amene anawagulawo ndi agogo anga ine, sindikubisirani. Anakalamba osadziwa dzina la mudzi wawo. Mayi awo a Jailosi atamwalira, abale anga anati malo kulibe. Tonse timadziwa kuti uyu ndi wa uje, uyu ndi wa uje, koma liwu lijalo sititchula. Ukalitchula ndi mlandu wa mbuzi.”

Ndinabwerera kunyumba matemba ndawaiwala pathandala. Kusukulu tinaphunzira za ukapolo ngati nkhani ya m'mabuku, ya anthu akutali amene anafa kalekale. Sindinkadziwa kuti Lamlungu lililonse mdzukulu wa munthu wogulidwa ankasesa m'tchalitchi changa.

Ndinaitanitsa msonkhano wa akulu a mpingo, tinalipo asanu ndi mmodzi, n'kupempha kuti a Jailosi asachotsedwe pa ana awo. A Makwinja anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anatsegula Baibulo lawo pa malamulo a Mose, pa malo amene anali ataikapo kale kaudzu, n'kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Lamulolo limati kapolo agwire ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, chachisanu ndi chiwiri amasulidwe. Ngati anabwera yekha, atuluke yekha. Ngati mbuye wake ndiye anamupatsa mkazi, mkaziyo n'kubereka ana, mkazi ndi anawo ndi a mbuyeyo, iye atuluke yekha.

“Mwamva, a Mlaliki?” anatero. “Chikamwini sitinachiyambe ife, chili m'Malemba. Munthuyu anabwera ndi mphasa yokha. Mkazi tinamupatsa ndife. Ana ndi athu. Atuluke yekha.”

“Koma bambo, lamulo limenelo likunena za akapolo, osati akamwini.”

A Makwinja anandiyang'ana mosakwiya n'komwe. “Nanga ine ndati likunena za ndani?”

Akulu enawo anangoyang'ana pansi, ndipo ndinadziwa kuti onse amva. Liwu lija silinatchulidwe, choncho panalibe mlandu, koma linali litanenedwa, ndipo amene analinena anali Malemba amene ine ndinatumidwa kudzaphunzitsa. Ndinachita manyazi ndiponso mantha.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita kwa abusa. Anali munthu wophunzira ndi wofatsa, ndipo anandikhazika pakhonde n'kundifotokozera bwinobwino. Anati ukapolo sanauyambitse Mulungu, anaupeza uli kale pakati pa anthu ouma mitima, ndiye anaumangira mpanda kuti usapitirire. Anandisonyeza pamene lamulo lomwelo limati woba munthu n'kumugulitsa aphedwe, ndi pamene limati kapolo wothawa asabwezedwe kwa mbuye wake. Anandikumbutsa kuti Mulungu ameneyu anadzitchula yekha kuti ndi wotulutsa anthu mu ukapolo. Zonsezi zinali zoona, ndipo ndimazikhulupirira mpaka lero.

“Koma abusa,” ndinatero, “bwanji sanangonena kuti usakhale ndi kapolo, monga ananenera kuti usabe? Nkhumba analetsa ndi mawu amodzi. Nanga munthu?”

Abusa anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. “Funso limenelo nanenso ndinafunsa ndili kusukulu. Anandiuza kuti ndipemphere. Ndikupempherabe.” Kenaka anasintha mawu. “Koma tamvera, mwana wanga. Za kusudzula ndi za mwambo, uwasiyire eni ake. A Makwinja ndi mzati wa mpingo uja. Ukalimbana nawo, ine sindidzatha kukuteteza.”

Chaka chomwecho, nthawi yokolola

Tsiku losudzula linaikidwa, Loweruka lina mpunga ukatha kumweta. Kutatsala sabata ndi theka, a Jailosi anabwera kunyumba kwathu m'mawa, ndikukonza tcheni cha njinga. Anakhala pansi, osati pampando umene amayi anu anawapatsa.

“A Mlaliki, ndamva kuti alamu anga anawerenga za ine.”

“Si za inu, bambo.”

“Chabwino. Koma akuti atasiya kuwerenga, chala chawo chinali pakati pa tsamba. Pansi pakepo pali chiyani?”

Ndikanatha kunama. Ndikanatha kunena kuti pali nkhani ina. Koma ndinasamba m'manja, n'kutenga Baibulo, n'kuwawerengera. Lamulolo limapitiriza kuti ngati kapoloyo anena poyera kuti amakonda mbuye wake, mkazi wake ndi ana ake, ndipo safuna kumasulidwa, abwere naye pachitseko, amuboole khutu, ndipo adzakhala kapolo moyo wake wonse. A Jailosi anati ndibwereze. Ndinabwereza. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa singano yawo yosokera matumba, yaitali ngati chala chapakati, yopindika kunsonga, n'kuiika pa Baibulo.

“Ndiye mundiboole Lamlungu, anthu akuona.”

“Ayi! Inu si kapolo. Dziko lino mulibe kapolo. Ndinu mwana wa Mulungu, mfulu ngati ine, ngati a Makwinja.”

“Ufulu umenewo ndaumva. Ndi wa kumsewu. Ndikautenga ndikagona nawo kuti? Wamng'ono uja sagona ndisanamugwire mwendo.”

“Ndikachita zimenezo ndiye kuti ndavomereza kuti agogo anu anagulidwa mwachilungamo. Ana anu adzanyozedwa. Sindingathe.”

“Anyozedwe ndili pompo,” anatero. Kenaka anafunsa, “Kodi lamuloli analemba ndi Mulungu?”

“Inde.”

“Ndiye theka lapamwamba analembera alamu anga, lapansili analembera ine. Bwanji iwo mwawalola kutenga lawo, ine mukundikaniza langa?”

Ndinawabwezera singano yawo, n'kuwalonjeza kuti ndiwalankhulira ndekha pamaso pa mpingo. Ananyamuka n'kuthokoza mwaulemu, monga amathokozera munthu amene wakupatsa chinthu chosakuthandiza.

Masiku atatu ndinalimbana ndi mtima wanga. Amayi anu anali oyembekezera, nyumba inali ya a Makwinja, ndipo chenjezo la abusa linali m'makutu. Koma Lamlungu ndinakwera paguwa n'kulalikira za Mulungu amene anamva kulira kwa akapolo n'kutsika kudzawatulutsa. Ndinati aliyense wotenga lamulo lakale lija n'kukwapula nalo mbale wake, wagwira Malemba kumpeni n'kusiya chigwiriro. Ndinati pamaso pa Mulungu palibe wogulidwa ndi wogula. Sindinatchule dzina, koma ngakhale ana a Sande sukulu ankadziwa amene ndikunena. Kunena zoona, unali ulaliki wabwino kuposa wina uliwonse umene ndinalalikirapo, ndipo ndinatsika paguwa ndikudzimva. A Makwinja anaimirira, anatseka ndi pemphero lokoma lothokoza Mulungu chifukwa cha mtumiki wake wachinyamata, kenaka polengeza anakumbutsa abale kuti mwambo wa Loweruka uyamba m'mawa.

Tikutuluka, a Jailosi anali ataima pakhomo la tchalitchi, moti anthu sakanatha kudutsa. Munthu amene sankalankhula uja anakweza mawu.

“A Makwinja, inu ndinu mbuyanga. Ndavomera, anthu onsewa amve. Akazi anga ndinkawakonda, ana anga ndimawakonda. Sindituluka.”

Anatsamiritsa mutu pa felemu ya chitseko, anagwira khutu lamanja ndi dzanja lamanzere, n'kukankha singano ija ndi chikhatho monga ankachitira pa thumba. Inalowa mpaka m'thabwa. Ine ndinali masitepe asanu okha kuchokera pamenepo, koma sindinawaletse. Magazi sanali ambiri, anangotsika m'khosi n'kudetsa kolala ya malaya awo oyera. Amayi anayamba kulira ngati pamaliro. Esinati anathamanga n'kukawagwira bambo ake m'chiuno, osalira, maso ali pa amalume ake.

A Makwinja anaima ndi Baibulo lawo m'khwapa. Mlongo wawo wamkulu, gogo amene sankalowerera nkhani za amuna, ndiye analankhula. “Achimwene, mwafuna kapolo, mwamupeza. Ndiye muzimudyetsa. Ife Loweruka tikapeta mpunga.” Anapita yekha kukazula singanoyo, n'kumanga khutulo ndi kansalu ka pa duku lake. Mwambo wosudzula sunachitike Loweruka limenelo, ndipo sunachitikenso mpaka kalekale.

Zaka za ku Songani

Pasanathe mwezi, kalata inapita kwa abusa yonena kuti mlaliki akuphunzitsa anthu kudzicheka m'nyumba ya Mulungu. Abusa anandifunsa funso limodzi lokha, ngati ndinawawerengera a Jailosi ndime ija. Ndinavomera. Anandisamutsira ku nthambi ina kufupi ndi Songani, ndipo tinanyamula katundu pa ngolo, amayi anu ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. A Makwinja anatipatsa thumba la mpunga la pa ulendo, ndipo ndinalilandira chifukwa kukana kukanakhala mwano.

Kusamutsidwako sikunandipweteke kwambiri. Chimene chinandipweteka, ndipo chimandipwetekabe, ndi ichi: ulaliki wanga wa ufulu sunasunge bambo pa ana ake ngakhale tsiku limodzi, koma lamulo la ukapolo limene ndinkachita nalo manyazi ndilo linamusunga. Ndinkamva kwa Che Amidu, akabwera ndi nsomba kumsika wa Songani, kuti a Jailosi akulimabe puloti ija ndipo ana akukula. Ndinkamvanso kuti kusukulu anzawo ankawagwira khutu akamadutsa, ndipo mwana wachiwiri, mnyamata, anasiya sukulu chifukwa cha ndewu.

Ndatumikira m'nthambi zisanu, pansi pa abusa asanu ndi awiri, ndipo pa nkhaniyi maganizo anga akhala akupita uku ndi uku. Masiku ena ndimati Mulungu anaona kuti anthu sadzasiya msanga kugulana, ndiye m'kati mwa lamulo lowawa anasiyamo kakhomo kakang'ono kuti bambo wokonda ana ake alowerepo. Masiku ena ndimakwiya, ndimati Mulungu wamphamvu zonse akanatha kutsegula khomo lalikulu, bambo atuluke ndi ana ake onse khutu lili lathunthu. Anzanga ena amati Mose analemba monga munthu wa nthawi yake, ndipo kuwala kunabwera pang'onopang'ono. Mwina n'zoona. Sindinasiye kukhulupirira kuti Mulungu ndi wabwino, koma ndinasiya kulankhula ngati ndine loya wake. Ndime ija sindinaiwerengenso pagulu zaka zonse za utumiki wanga. Ikapezeka pa ndondomeko ya mawerengo, ndinkapeza chifukwa chosinthira.

Chaka chatha

Nditapuma kale pa ntchito, kunyumba kuno kunabwera mayi wina wa imvi zoyamba, atavala duku lakuda. Anagwada pakhomo n'kunena kuti ndi Esinati, mwana wa a Jailosi a ku Likangala. Bambo ake anali atamwalira dzulo lake, ali nkhalamba, m'nyumba yomwe ija, adzukulu atawazungulira. A Makwinja anali atatsogola kale zaka zambiri, ndipo akuti pa matenda awo omaliza amene ankawatembenuza pamphasa anali a Jailosi.

“Bambo anasiya mawu,” anatero Esinati. “Anati pamaliro awo muwerenge inuyo, ndipo muwerenge pamene paja. Kuyambira pamwamba mpaka pansi, osadumpha.”

“Mwana wanga, pali mawu ambiri otonthoza. Amenewo anthu akawamva bwanji?”

“Amva kale, agogo. Akhala akutiwerengera pa khutu la bambo zaka zonsezi. Mawa awamve kuchokera m'buku.”

Tinapita. Tchalitchi n'chatsopano tsopano, cha malata, ndipo Mabaibulo ali m'manja mwa aliyense, ena pa foni. Abusa a kumeneko, mnyamata waulemu, anandipatsa malo. Ndinaima pafupi ndi bokosi, kunja pansi pa mtengo wa mango, n'kuwerenga ndime yonse, ya kapolo wotuluka yekha ndi ya kapolo wokana kutuluka. Sindinadumphe liwu.

Mu mpingo mwathu wowerenga akamaliza amanena kuti Mulungu adalitse mawu ake amene awerengedwa, anthu n'kuyankha kuti amen. Ndanena mawu amenewa kosawerengeka, ngakhale ndili m'tulo ndikhoza kuwanena. Tsiku limenelo ndinatsegula pakamwa, ndinayang'ana bokosi, ndinayang'ana ana atatu aja atakhala pamphasa ndi ana awo, ndipo mawuwo anakana kutuluka. Anthu anadikira. Ndinatseka Baibulo n'kukhala pansi, ndipo amayi a chigwirizano anandipulumutsa poyambitsa nyimbo.

Titachoka kumanda, Esinati anabwera pamene ndinakhala, n'kugwada.

“Agogo, mwaiwala kudalitsa mawu.”

“Sindinaiwale, mwana wanga. Ndalephera. Undikhululukire, ndawachititsa manyazi bambo ako.”

Anapukusa mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinaona misozi m'maso mwake.

“Bambo ananeneratu kuti mudzalephera. Anati n'chifukwa chake tiitane inuyo.”